Makina osokera a kompyuta ndi abwino mpaka tsiku limene bodi yapsa

Funso ili silitha pakati pa anthu osoka, makamaka wina akangogwira kandalama kapena m'bale wake wa ku Joni akati ndikutumizire makina, nde munthu amayamba kufunsa kuti nditenge ati, a kompyuta aja okhala ndi kasikilini ndi mabatani kapena achikale omwewa opalasa ndi mapazi? Mayankho ake amangozungulira pamodzimodzi, uyu akuti a kompyuta ali ndi masitichi 60, uyo akuti Singer ya agogo anga mpaka lero ikusoka, mapeto ake anthu nkuyamba kunenana kuti ndiwe wotsalira. Ine mbali yanga ndinenetu pompano musavutike kundifufuza. Ngati mumadyera kusoka, ndipo makina mukugulawo ndi okhawo amene mukhale nawo, gulani achitsulo opanda bodi, kathabwa kaja ka zamagetsi kamene kamalamulira makina a kompyuta. A kompyuta adzabwere achiwiri. Koma chifukwa changa nchosiyana ndi chimene ambiri amanena.

Ambiri amati a kompyuta sachedwa kuonongeka. Si nthawi zonse. Makina a kompyuta abwino atakhala m'nyumba mopanda fumbi, magetsi osavuta, amatha zaka ndithu osavutitsa mwini wake, ndipo sitichi yake imakhala yoyera bwino kuposa ya makina ambiri a pakhonde, chilungamo tizinena. Nkhani yagona pa tsiku limene afa. Telala sawerenga kuti makina anga aonongeka kangati chaka chino, amawerenga masiku amene wakhala manja ali m'thumba, nsalu za eni ake zili mulu pakona, mayi wa chinkhoswe cha Loweruka akuimba foni ola lililonse. Makina oti amavuta kawiri pa mwezi koma nkukonzedwa m'mawa womwewo, kwa munthu wa geni ndi odalirika kuposa amene amavuta kamodzi pa zaka zitatu nkukhala pansi miyezi inayi kudikira kachipangizo kochokera kunja.

Tatengani Butterfly kapena Singer yakuda ija muipendeketse muone kunsi. Zonse zili poyera. Mukazunguza wilo ndi dzanja mumaona ndi maso anu chitsulo ichi chikukankha icho, singano ikutsika, shatulo ikupita uku nkubwerera kukakola ulusi, mano aja akukoka nsalu. Ikayamba kudumpha masitichi mumadziwa kuti kaya singano yapinda, kaya mwaiika chotembenuza, kaya taimingi, nthawi yokumanirana singano ndi shatulo, yasuntha pang'ono, ndipo zonsezi sikuludiraiva imodzi ikwana. Ulusi ukamakolana kunsi ndekuti tenshoni yam'mwamba yalekerera kapena mwaphonya pena pake popisa ulusi. Lamba akaduka mumaboola ndi msomali nkulumikiza ndi kawaya, ntchito nkupitilira. Matelala ambiri zimenezi amapanga okha osaitana munthu, mekaniki amaitanidwa zikafika povuta zenizeni, ndipo naye amabwera ndi kachikwama kamodzi basi.

Kapangidwe kameneka si kadzulo. Makina amene pambuyo pake anadzatchedwa Singer Model 15 anayamba kutuluka mu 1879. Mukaona Singer yakale nambala yake ili ndi K kumapeto, ngati 15K kapena 201K, dziwani kuti inapangidwa ku fakitale ya ku Clydebank ku Scotland, ndipo fakitale imeneyo inatsekedwa mu 1980. Fakitale kulibe zaka zoposa 40, koma makina ake akusokabe mayunifomu m'makonde a ku Limbe ndi ku Ndirande. Anthu amati chinsinsi chake ndi chitsulo cholimba, nzoona mbali ina, koma ine ndimaona kuti chinsinsi chachikulu ndi kukoperedwa. A ku Japan anakopera Model 15, a ku China anakopera mpaka kutulutsa Butterfly ya ku Shanghai ija, a ku India nawo ma Usha awo akuda aja ndi banja lomwelo. Nde zotsatira zake nzoti bobini, kesi yake, shatulo, singano za mtundu wa HA, zambiri mwa izi zimalowerana olo dzina pa makinapo likhale lina. Sipeya yake simuchita kuitanitsa, ili m'mashopu a ulusi ndi mazipi, ili kwa mekaniki amene anaphwasula makina ena akufa nkusunga zamkati mu chitini. Palibe kampani imodzi imene ingadzuke m'mawa nkunena kuti tasiya kupanga, inu nonse mutaye makina anu.

A kompyuta nde ndi nkhani ina. Nawonsotu si atsopano kwenikweni, Singer inatulutsa Athena 2000 mu 1975, Janome nkubwera ndi Memory 7 mu 1979. M'kati mwake singano ndi shatulo zilipo ndithu, koma chimene chimasuntha singano kupita kumanja ndi kumanzere, ndi chimene chimayeza kutalika kwa sitichi, ndi timamota ting'onoting'ono tolamulidwa ndi bodi. Chopondera chija sichiyendetsa kanthu pachokha, chimangouza bodi kuti thamanga kapena ima. Pali timasensa tomvera ngati phazi la makina latsika, ngati wilo ikuzungulira, ngati kachitsulo ka mabowo a mabatani kali m'malo. Kamodzi mwa timeneti kakangosokonezeka makina onse amakana, amangolira pi pi pi nkulemba kanambala pa sikilini. Mekaniki wathu uja, katswiri weniweni amene amamva vuto la Singer ndi khutu asanaitsegule nkomwe, akafika apa amangoyang'ana. Si umbuli ayi. Palibe choti aone. Ndipo olo mutapita nawo kwa anyamata okonza ma TV ndi mafoni, kapasita kapena fyuzi akhoza kusintha, koma ikakhala chipu yosunga pulogalamu ndiyo yafa basi zathera pompo, mufunika bodi ya modelo yomweyo, osati ya Brother iliyonse kapena Janome iliyonse, ya modelo yomweyomweyo.

Amene amapanga makinawa zimenezi amazidziwa bwino kuposa ife. Mudzawerenge kapepala ka waranti, osangoona zilembo zikuluzikulu za pa katoni zoti zaka 25. Pa makina ambiri a m'nyumba ogulitsidwa ku America, monga Brother CS6000i imene inatchuka kwambiri ija, zaka 25 zimenezo ndi za thupi la makina lokha, pomwe bodi ndi zamagetsi amangolonjeza zaka 2. Mwini wake wakuuzani yekha mbali imene akuikhulupilira. Ndipo waranti yakeyo ikugwira kumene makinawo anagulidwa, inu muli ku Mchinji mukadandaula kwa ndani?

Tsopano tibwere pa magetsi, poti apa mpamene nkhaniyi imasiyana ndi mmene azungu amaikambira kwawo. Tonse tikukumbukira mu January 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 nkuchoka nthawi imodzi, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti abwerere. Nthawi imeneyo amene anali ndi makina opalasa sanasiye ntchito olo tsiku limodzi, amene anali ndi a magetsi okhaokha amasoka usiku pakati kaya kumangokhala. Koma kuthima kokha si vuto lalikulu, poti makina a mota opanda kompyuta nawo magetsi akathima amaima. Choopsa ndi mmene magetsi amabwerera, nthawi zina mwamphamvu, nthawi zina ofooka babu nkumangoti phethiphethi, kuonjezera apo mphenzi za dzinja ndi timajenereta totchipa timene mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Mota wamba zimenezi imapilira, ikalephera mumachotsa mabawuti nkumangapo ina, kapena kungobwezera lamba nkuyamba kupalasa. Bodi sipilira. Nde pali ina iyi yomvetsa chisoni, m'bale ali ku America kaya ku Japan watumiza makina ndi mtima wabwino, kumeneko magetsi awo ndi 120 volts, ku Japan 100, kuno ndi 230, munthu chifukwa cha chisangalalo wangogula adaputa nkulowetsa pakhoma, kautsi fuu, makina sanasokeko olo mpango. Alipo ena opangidwa kuti azilandira mphamvu zonse, koma werengani kaye kachizindikiro kali pafupi ndi polowetsa waya. Ochokera ku UK ndi ku South Africa vuto limeneli alibe.

Malo osokera nawonso. Telala wa pakhonde ali m'mbali mwa msewu, mwezi wa October fumbi lili koboo, m'mawa wanyamula mutu wa makina kuchoka kosungitsa, madzulo kubweza, pena pa njinga. Fumbi likalowa mu Butterfly mumapukuta, kudonthezera oyilo, basi. Mu makina a kompyuta fumbi ndi tiulusi timakatseka sensa, chinyontho cha dzinja chimadya timiyendo ta bodi, ndipo mphemvu zimakonda malo ofunda ngati amenewo, zimakamanga mudzi momwemo.

Sipeya nayo ndi nkhani ya forex. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, nde chilichonse choitanitsa kunja mukudziwa kale mmene chilili. Bodi yokha pamodzi ndi mtengo wotumizira nthawi zambiri zimafika poti munthu amaona bola kungogula makina ena. Ndipo zimenezo ndi ngati ikupezekabe, poti makampani amasintha mamodelo pafupipafupi, yakale ija masipeya ake amasiya kupanga. Makina opeta akale ngati Husqvarna Viking Designer 1 ankalandira mapatani kudzera pa floppy disk, ena ankafuna timakadi ta kampani yomweyo. Makina akhoza kukhala amoyo bwinobwino koma floppy mukaipeza kuti lero, ndi kompyuta yake yoti iwerenge?

Koma apa ndiwakhumudwitseko anzanga a mbali yanga. Mawu oti opanda kompyuta asakupusitseni. Makina ambiri atsopano oyera aja otchipa, okhala ndi kogudubuza kosankhira zigizagi, alibe bodi inde, koma kunja pulasitiki, mkati magiya ena apulasitiki, opepuka moti mukamasoka amavina pa tebulo. Amenewo muwapatse mpendero wa jini pomwe pakumana nsalu zisanu ndi chimodzi muone, giya imathyoka mano kapena taimingi kuthawa. Ndipo matenda amenewa si a makina otchipa okha. Ma Singer Touch & Sew ambiri amadziwika ndi magiya a nayiloni amene akakalamba amangofumbutuka, ngakhale Bernina 830 Record ya ku Switzerland, imene anthu amailemekeza kwambiri, ili ndi giya ya nayiloni yoyendetsa mapatani imene imang'aluka ikakula. Apa a kompyuta amawina ndithu, poti mapatani awo ali mu pulogalamu, alibe mulu wa timawilo toti tiziperepeseka. Nde mukandifunsa pakati pa makina apulasitiki otchipa opanda bodi ndi Janome ya kompyuta yabwino, kwa mayi wosoka za ana ake kunyumba ku Area 47, sindingalimbikire apulasitikiwo. Dzinanso lisakunamizeni, Singer ya lero ili pansi pa kampani ya SVP Worldwide pamodzi ndi Husqvarna Viking ndi Pfaff, si fakitale ija inapanga ya agogo anu.

Chinanso choti tivomere, tikamatama makina akale timaona amene anapulumuka okha. Amene anathyoka kaya kudyedwa ndi dzimbiri anapita kalekale kwa ogula zitsulo, sitiwawerenga. Komanso nthawi yawo sanali otchipa, anali odula moti kampani ya Singer inachita kuyambitsa zolipira pang'onopang'ono mu 1856 kuti mabanja azikwanitsa. Kufanizira chinthu chimene munthu ankalipira miyezi ndi miyezi ndi kamakina kotsika mtengo ka m'shopu ya lero si chilungamo kwenikweni. Ndipo akuda atsopano amene akubwera masiku ano, ena ndi makopi a makopi, utoto wonyezimira, maluwa agolide, dzina lodziwika, koma chitsulo chofewa, masikuluwu ongotha mutu, moti mekaniki amayenera kuwakhalira pansi kaye asanayambe kusoka bwino. Yakale yogwiritsidwapo ntchito koma yosamalidwa nthawi zambiri imaposa yatsopano ya mu katoni.

Achitsulowo nawo timawapha tokha. Wina oyilo wa makina watha akuthira mafuta ophikira, wina oyilo wa galimoto. Mafuta ophikira amauma nkusanduka phula, pakapita miyezi wilo sikuzungulira. Koma onani kusiyana kwake, makina oterowo mumawasambitsa ndi palafini, kupukuta, kuthira oyilo woyenera, mawa lake akusoka. Cholakwa chachikulu chonchi chakhululukidwa ndi palafini wa m'botolo la Fanta.

Nde pali gulu lina limene anthu amaliiwala pa mkanganowu, pomwe matelala a m'tauni ambiri ndi kumene akulowera, ma industrial, makina a m'mafakitale aja. Juki DDL-8700 ndi anzake ofanana nawo. Mutu wake ndi chitsulo chokhachokha, umadzithira wokha oyilo kuchokera mu beseni lakunsi, umatha masitichi mpaka 5,500 pa mphindi, singano zake za DB zili paliponse. Mota ili payokha pansi pa tebulo yolumikizidwa ndi lamba. Kale inkakhala ya clutch ija yongolira huu tsiku lonse olo simukusoka, pano ambiri akuika ya servo imene imazungulira pokhapokha mwaponda, siidya magetsi kwambiri, mpaka ena akuyendetsa ndi sola ndi inveta. Servoyotu ili ndi kabodi kake, ndi kompyuta ndithu pang'ono, ndipo ine ndilibe nayo vuto olo pang'ono. Chifukwa? Ikapsa mumamasula mabawuti atatu nkumangapo ina ya kampani iliyonse, mutu wa makina osaukhudza. Zamagetsi zili panja, zosinthika. Kusiyana ndi atsopano awa a direct drive, ngati ma Jack aja odula okha ulusi, obwerera okha kumbuyo pomaliza msoko, ena mpaka amayankhula. Amathamangitsa ntchito zedi, amene amasoka mayunifomu mazanamazana masekondi odulira ulusi aja kwa iye ndi ndalama. Koma mota ndi bokosi lake zamangidwira pa mutu pomwepo, nde musanagule funsani wogulitsayo kuti bodi yake muli nayo pa shelefu? Akati tikhoza kuitanitsa, dziwani kuti mwayankhidwa.

Ntchito zina nzoona kuti popanda kompyuta simungazigwire. Mabaji a sukulu, mayina pa magolf shirt a kampani, zolemba pa zipewa ndi pa mayunifomu a kwaya kaya a mvano, zimenezo ndi za makina opeta a kompyuta, ndipo ndalama zilimo. Mabowo a mabatani ofanana onse pa shati, a kompyuta amangoboola kamodzi nkamodzi pomwe wa Butterfly akuvutika ndi dzanja kapena kupita nawo kwa mnzake. Kwa munthu amene akuphunzira kumene, kuchepetsa liwiro ndi batani kumathandiza, kwa amayi athu amene maso ayamba kuvuta kopisira ulusi kaja ndi chipulumutso, olo kameneko kamapezekanso pa ena opanda kompyuta. Ndipo achemwali amene muli ku Leeds kaya ku Cape Town, shopu yokonza ili pafupi, masipeya amafika pakhomo, gulani a kompyuta musaope, mkangano uwu si wanu kwenikweni. Chimene ndikukana ine ndi mtsikana wongomaliza kumene maphunziro a zosoka ku TEVETA, watenga ngongole ku banki mkhonde, ndalama yonse nkuthira pa makina amodzi a sikilini chifukwa ali ndi masitichi ambirimbiri. Masitichi amenewo adzagwiritsa angati? Diresi la chitenje, siketi ya yunifomu, kuchepetsa thalauza la pa kaunjika, kusintha zipi, zonsezi ndi sitichi yowongoka, mwina ndi zigizagi kapena ovaloko yomalizira m'mphepete. Timaluwa ndi timitima tija amatiyesa tsiku loyamba pa kansalu, kujambula nkuika pa status, basi osadzatikhudzanso.

Wina anena kuti nde tizingokhala m'mbuyo mpaka liti, dziko likupita kutsogolo. Ine yankho langa ndi loti kutsogoloko kumafuna zinthu zake, ndipo sizili m'manja mwa telala. Pakufunika ogulitsa amene amasunga mabodi ndi masensa a makina amene akugulitsa, osati kungokupatsa lisiti nkukuiwala. Pakufunika kuti m'masukulu a ntchito zamanja aziphunzitsako anyamata ndi atsikana kukonza zamagetsi za makina osokera, poti pano okonza makina ndi okonza mabodi ndi anthu awiri osiyana ndipo aliyense amakutumiza kwa mnzake. Zimenezo zikadzakhalapo ndidzasintha maganizo mosavuta. Koma kuuza munthu kuti agule kaye nkumadikira kuti dziko lidzamupeza, ngongole ikuyenda sabata ndi sabata, kumeneko ndi kumuponya m'madzi.

Amene mwagula kale a kompyuta, kapena ntchito yanu ikufunadi amenewo, gulaniponso ka voltage guard kaja timaika pa filiji, kamachedwetsa magetsi akangobwera kumene, ngati thumba likulola UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, nde bwino kwambiri. Mukamaliza kusoka zulani pulagi pakhoma, kuthimitsa pa switch pokha mphenzi siiona. Vindikirani. Chotsani mbale ya singano muzisesa tiulusi ndi kaburashi, osauzira ndi pakamwa poti mukungotikankhira mkati ndi mpweya wonyowa. Ma jini ndi matenti musawapatse, si ntchito yawo.

Ndipo amene mukukagula achitsulo a second hand, musapite nokha, tengani telala wachikulire kapena mekaniki mumugulire Fanta. Chotsani lamba muzunguze wilo ndi chala, izizungulira mofewa popanda pogwira. Gwedezani chitsulo chogwira singano uku ndi uku, chikamasewera kwambiri ndekuti chaperepeseka. Yang'anani nsonga ya shatulo ngati siinabunthe kapena kukumbika ndi singano. Utoto wosupuka usakuopseni, koma thupi likakhala ndi mng'alu asiyeni. Mutenge zidutswa zanu kuchokera kunyumba, chitenje, kansalu kopyapyala ka lainingi ndi mpendero wa jini yakale, musoke zonse pomwepo wogulitsa akuona, kenako mutembenuze muone kunsi kwa msoko musanatulutse ndalama.